Kukonzanso Nyumba Yakale ya Golosale ku Luchenza

Zolembazi ndi za ntchito yokonzanso nyumba yakale ya sitolo imene ili m'mbali mwa msewu waukulu ku Luchenza, m'boma la Thyolo, ndipo ndazilemba kuti zithandize ena amene ali ndi nyumba zamtundu umenewu m'matauni aang'ono a dziko lino. Nyumbayi inamangidwa ndi wamalonda wa Chimwenye nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, pa nthawi imene tauniyi inkakula chifukwa cha siteshoni ya pa njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908. Agogo anga aamuna anaigula m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr. Kamuzu Banda litalamula kuti Amwenye asiye malonda a m'madera akumidzi n'kupita m'mizinda ikuluikulu, ndipo anagulitsiramo shuga, sopo, mchere, palafini ndi machesi mpaka pamene ukalamba unawaletsa.

Epulo 2023: Kuyeza ndi kuona zowonongeka

Namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo cha kummwera m'mwezi wa Malichi, anagwetsa khitchini ya kuseri ndi kung'amba ngodya ya chipinda chosungiramo katundu. Achibale ena anaganiza zogumula nyumba yonse n'kumangapo mashopu a mabuloko ochititsa lendi, koma amalume, amene ndiwo ali ndi mawu omaliza pa katundu wa mbumba yathu, anati tiyambe tayeza kaye kuti tione ngati ingapulumuke. Tinaitana mmisiri wachikulire amene anaphunzira ntchito pokonza nyumba za m'maesiteti a tiyi, munthu amene manja ake anazolowera laimu asanazolowere simenti.

Kutsogolo kwa nyumbayi kuli khonde lotalika mamita 11 ndi lotambalala mamita 2.4, lokhala pa nsanamira zisanu za njerwa, ndipo munthu amakwera masitepe awiri kuti afikepo. Pakhondepa ndi pamene telala ankakhala ndi makina ake, kotero kuti wogula nsalu m'sitolo ankangotuluka n'kuyezetsa pomwepo. Pamwamba pa khonde, khoma la kutsogolo limapitirira denga n'kukwera pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo pakati pake, pamene pali patali kwambiri, ndi pamene pankalembedwa dzina la sitolo. Chitseko chachikulu ndi cha mbali ziwiri ndipo chimatsekedwa ndi mpiringidzo wachitsulo cha mkati, pamene mazenera awiri a kutsogolo alibe magalasi koma ali ndi zitsulo zoimirira ndi zotsekera zamatabwa. Chipinda chogulitsiramo ndi cha mamita 7 m'litali ndi 5 m'lifupi, chili ndi kauntala ya mbawa yokhota ndi mashelefu ofika kusiling'i. Kumanja kwake kuli chipinda cha katundu chopanda zenera, chongokhala ndi timabowo tolowera mphepo m'mwamba. Kachitseko kamodzi kuseri kwa kauntala kamalowa m'nyumba yogonamo, imene ili ndi balaza ndi zipinda ziwiri, ndipo kuseri kwake kuli bwalo lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, momwe munali khitchini, bafa ndi chimbudzi. Mwini sitolo ankatha kudzuka usiku n'kukaona katundu wake osaponda panja, ndipo kamangidwe konseka kanatsata chosowa chimenechi.

Makoma ake ndi a njerwa zootcha zoyalidwa imodzi ndi theka, kunenepa kwake pafupifupi masentimita 35, ndipo anamangidwa ndi matope, osati simenti, kenako n'kupakidwa pulasitala wa laimu ndi mchenga. Siling'i ili mamita 3.6 kuchokera pansi. Makoma onenepawa, siling'i yaitali ndi mthunzi wa khonde ndi zimene zimachititsa kuti m'sitolo mukhale mozizirira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo ndikhulupirira kuti nyumba ya mabuloko siingatipatse zimenezi pa mtengo uliwonse umene banja lathu lingakwanitse. Nzeru yomweyi imaoneka pa Mandala House ku Blantyre, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes, imene makoma ake atetezedwa ndi khonde kwa zaka zoposa 140.

Zimene tinapeza poyendera zinasonyeza kuti namondwe anangotsiriza zimene madzi anayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1990, anthu ochita lendi amene ankakhalamo anakanda laimu wa m'munsi mwa makoma n'kupakapo pulasitala wa simenti kufika mita imodzi kuchokera pansi, mkati ndi kunja komwe, poganiza kuti akuletsa chinyezi. Pa zaka zomwezo dothi la m'mbali mwa nyumba linkakwera chifukwa cha phulusa, zinyalala ndi matope okokoloka, mpaka kumbuyo linapitirira levulo ya pansi pa m'nyumba. Nyumba za nthawi imeneyo zilibe pepala loletsa chinyezi pamaziko, choncho madzi amakwera ndithu m'khoma, koma amauma potulukira mu laimu. Simenti itatseka njira imeneyo, madzi anakhazikika mkati mwa khoma, matope a pakati pa njerwa anafewa, ndipo mchere woyera unayamba kuonekera pamwamba penipeni pa mzere wa simentiyo. Tepi, levulo, kope ndi malipiro a mmisiri zinakwana K38,000.

Meyi 2023: Kupatsa madzi njira

Tinagwirizana kuti tisakhudze khoma lililonse madzi asanapezeredwe kolowera. Aganyu anayi anachotsa dothi la mbali zitatu za nyumba mpaka linatsika masentimita 20 kuchokera pa levulo ya pansi pa m'nyumba. Maziko a nyumbayi ndi osaya, amangolowa masentimita 45, motero mmisiri anawaletsa kukumba mzere wonse nthawi imodzi, ndipo ankakumba mamita awiri, kutsendera, kenako n'kupita patsogolo. Pokumbapo anavundukula ngalande yakale ya njerwa imene m'banja mwathu munalibe woidziwa. Inali yodzaza ndi dothi, koma njerwa zake zinali zosasunthika, choncho tinangoiyeretsa m'malo momanga ina.

Vuto linaoneka titathiramo madzi a m'ndowa kuti tiyese. Ngalandeyo inkalowera kumsewu, koma msewuwo lero ndi wokwera kuposa mmene unalili kale, ndipo madzi ankafika kumapeto n'kubwerera kukhoma. Tinaitembenuza kuti iloze kuseri, n'kuitalikitsa mpaka pa dzenje lakuya mamita 1.5 limene tinakumba mamita 6 kuchokera panyumba, ndipo dzenjelo tinalidzaza ndi miyala ndi zibenthu za njerwa kuti madzi azilowerera pansi. Apa ndi pamene simenti inali yoyenera, chifukwa ngalande imafunika kusunga madzi kuti asalowe m'dothi pafupi ndi maziko. Aganyu analandira K120,000 onse pamodzi, miyala inali K45,000, ndipo matumba 4 a simenti tinagula pa K13,000 limodzi. Gawoli linadya K217,000.

Juni 2023: Kuchotsa simenti ndi kumanganso ngodya

Simenti imagwira mwamphamvu kuposa njerwa yakale imene yakhala m'chinyezi, kotero kuti munthu akaimenya ndi nyundo yaikulu imachoka ndi nkhope ya njerwayo. Tinagwiritsa ntchito nyundo zazing'ono ndi matchizulo, kuyambira pamwamba pa mzere n'kumatsika, tchizulo itapendekeka motsata khoma osati molunjika mkati. Ngakhale tinasamala chonchi, m'mizere inayi ya m'munsi njerwa imodzi mwa zisanu zilizonse inali itasanduka ufa wofiira umene unkachoka ndi chala.

Pa ngodya ya chipinda cha katundu zinthu zinafika poipa. Pulasitala atachotsedwa masana, usiku wake gawo la khoma lotalika pafupifupi mamita 1.5 linagwa lokha, chifukwa simentiyo ndi imene inkaligwira. Denga silinatsike chifukwa mmisiri anali atalichirikiza kale ndi nsichi 12 za bulugamu, ndipo aliyense wochita ntchito yotereyi achirikize denga lake asanamenye nyundo yoyamba, ngakhale khoma likuoneka lolimba.

Njerwa zomangira ngodyayo sitinagule. Zakalezi ndi za mainchesi 9 m'litali, 4.5 m'lifupi ndi 3 kunenepa, pamene za m'mauvuni a masiku ano ndi zazing'onopo ndi zosalingana, kotero kuti mizere siikanakumana. Komanso kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Tinatola njerwa za khitchini imene inagwa, ndipo tinapezamo zabwino 1,400. Popeza zinamangidwa ndi matope, kuziyeretsa kunali kungozikanda ndi chikwanje, zimene sizikanatheka zikanakhala za simenti.

Panali kusagwirizana pang'ono pa matope omangira. Womanga wachinyamata amene ankathandizira ankafuna simenti, ponena kuti matope ndi a kumudzi ndipo anthu odutsa atiseka. Mmisiri wamkulu anamufotokozera kuti khoma la matope limasuntha pang'ono pakasintha nyengo, ndipo chigamba cholimba cha simenti pakati pake chimakana kusunthako n'kubweretsa mng'alu m'mbali mwake. Tinatenga katondo wa kuseri kwa bwalo, ndipo kuti tidziwe muyezo wa mchenga tinaumba timibulu n'kutiyanika pamthunzi. Ta katondo yekha tinang'ambika, ta mchenga wambiri tinanyenyeka, ndipo ta muyezo umodzi wa katondo pa iwiri ya mchenga tinauma bwino. Njerwa zowola za m'munsi tinkazisintha zitatu kapena zinayi pa malo amodzi, n'kudumpha mita, kuti khoma lisakhale lolendewera. Amisiri analandira K310,000, nsichi zinali K24,000, mchenga wa mumtsinje K60,000, zonse K394,000. Makomawo tinawasiya osapaka kuti aume, ndipo chiperoni cha mwezi uno chinachedwetsa kuumako.

Julayi 2023: Laimu

Ili ndi gawo limene linativuta kwambiri ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane, popeza amisiri ambiri a masiku ano amangodziwa laimu wopaka m'makoma, osati womangira. Tinagula matumba 20 pa K6,500 limodzi kwa wogulitsa wina ku Limbe, ndipo tisanapake paliponse tinayesa pa kachigawo ka mita imodzi m'chipinda cha katundu. Patatha sabata pulasitalayo anali akuchokabe ndi chala. Tinali titapatsidwa laimu wa m'munda, amene ndi mwala wongogayidwa osaotchedwa, wabwino pochotsa asidi m'nthaka koma wosagwira ngakhale pang'ono pakhoma. Kumusiyanitsa n'kosavuta ngati munthu akudziwa. Wa m'munda akathiridwa m'ndowa ya madzi amadikha msanga pansi ndipo madzi amayera, pamene womangira amasungunuka n'kusanduka chinthu chofewa ndi chotelera ngati phala la mwana. Wogulitsayo analandiranso matumba 18 osatsegula, koma matumba awiri ndi K25,000 ya mayendedwe zinapita.

Kenako tinakagula laimu wootcha wa mibulumibulu kwa anthu amene amaotcha mwala m'mauvuni aang'ono ku Lirangwe, kumpoto kwa Blantyre. Laimu wotereyu amafunika kumizidwa. Timayamba kuthira madzi mumgolo, kenako n'kumaponyamo laimu pang'onopang'ono, osati kuthira madzi pa laimu wouma, chifukwa amatentha kwambiri, madzi amawira ndipo amathovoka. Wogwira ntchitoyi avale magalasi, magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo ana asayandikire, popeza dontho limodzi m'diso likhoza kulipha. Akazizira timamusefa pa sefa ya waya wa mabowo aang'ono. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu wathu linatsalira pasefa ngati miyala yosapsa, choncho wogula awonjezere pa muyezo umene akufuna.

Laimu wosefedwayo ayenera kukhala mumgolo, madzi ataphimba pamwamba pake, kwa miyezi yosachepera iwiri. Kuti tione ngati nthawiyi ingafupikitsidwe, tinayesanso pa kachigawo kaja ndi laimu wa masabata atatu. Anagwira ndithu, koma patapita masiku panayamba kuphulika timabowo tambirimbiri, ndipo pakati pa kabowo kalikonse panali kanjere koyera. Timenetu ndi tizidutswa timene tinali tisanamwe madzi mokwanira ndipo tinafufumira pakhoma. Tinaganiza zodikira mpaka kumapeto kwa Seputembala n'kutembenukira kudenga. Matumba 30 a laimu anali K210,000, galimoto K70,000, migolo inayi K60,000, zodzitetezera K18,000, ndipo pamodzi ndi zimene zinatayika pa laimu woyamba mwezi uno unadya K396,000.

Seputembala 2023: Denga

Titatsegula siling'i tinapeza kuti mitanda yonse yoyambirira ndi ya mkungudza, ndipo kalipentala atadula pang'ono kuti aone mkati, fungo lake linadzaza m'chipinda chonse. Chiswe chinali chitadya mapaso a bulugamu amene anawonjezeredwa pambuyo pake mpaka kutsala khungwa, koma mkungudza wogundana nawo sichinaukhudze. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, umamera wokha pa phiri la Mulanje basi, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula mosaloledwa ndi moto wolusa. Mbiri itamveka kuti tikufuna matabwa, kunabwera anthu otiuza kuti atha kutipezera atsopano, ndipo tinakana. Kupulumutsa nyumba yakale podula mitengo yotsala ya m'phiri n'kosayenera, ndipo ndikupempha ena kuti akanenso.

Chimene chinawononga mkungudzawo ndi madzi. Kuseri kwa khoma lokwera la kutsogolo kuli ngalande ya lata yobisika imene imalandira madzi a theka la denga, ndipo pafupifupi sitolo iliyonse ya kamangidwe aka imadontha pamenepa. Yathu inali yopapatiza, yotulutsira mbali imodzi yokha, ndipo inali itatsekeka ndi masamba ndi zisa za mbalame, kotero kuti mvula ikakula madzi ankasefukira pa nsonga za mitanda. Mitanda itatu inali itawola kunsonga. Tinadula masentimita 60 pa uliwonse n'kulumikiza zidutswa zochokera ku mafelemu a zitseko za khitchini yakugwa, amenenso anali a mkungudza, ndipo tinamanga ndi mabawuti a mamilimita 12 ndi zitsulo zafulati mbali zonse ziwiri.

Ngalande yatsopano inapindidwa ndi mmisiri wokhoma zidebe, ndipo ndi yotambalala masentimita 40, m'mphepete mwake mwalowa m'khoma, ili ndi potulukira pawiri ndi kabowo kachitatu kapamwamba kotaya madzi kunja ngati pena patatsekeka. Poyamba anailumikiza ndi misomali yobanira n'kumata phula, koma titathiramo madzi inadontha pa mfundo ziwiri, ndipo anabwera kudzaziwotcherera ndi mtovu. Mayeso a ndowa ya madzi achitike siling'i isanatsekedwe.

Chiswe tinachilondola mpaka pansi pa chipinda cha katundu, pamene panali chulu chobisika. Tinafukula mpaka kupeza make, n'kuthira mankhwala tisanakwirire. Mapaso atsopano ndi a paini wonyikidwa m'mankhwala. Pa malata 52 akale, 34 anali ogwiritsikabe ntchito ndipo ndi onenepa kuposa a geji 28 amene tikugula lero, choncho tinawapala ndi bulashi ya waya, kutseka mabowo a misomali, n'kuwapaka penti woletsa dzimbiri. Mizere ya malata atsopano siigwirana bwino ndi ya akale, ndipo titayesa kuwasakaniza pankatsala mipata. Tinaika akale onse kutsogolo ndi pakhonde, atsopano kuseri. Kalipentala analandira K280,000, mabawuti ndi zitsulo K65,000, ngalande K145,000, mankhwala a chiswe K48,000, penti K90,000, misomali K22,000, ndipo malata 10 oyamba anali K14,500 limodzi. Zonse zinakwana K795,000.

Okutobala 2023: Njanji ya pachitseko ndi pulasitala

Mng'alu umene unali pamwamba pa chitseko chachikulu tinkauyesa wa namondwe, koma titakanda tinapeza kuti chonyamula khoma pamenepo ndi chidutswa cha njanji yakale. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, ndipo dzimbirilo ndi limene linakankhira njerwa m'mwamba. Njanjiyo inali idakali yamphamvu, motero sitinaichotse. Tinachirikiza khoma, kuchotsa mzere umodzi wa njerwa, kugogoda dzimbiri lonse, kupaka penti woletsa dzimbiri kawiri, n'kubwezeretsa njerwazo ndi laimu. Izi zinadya K55,000.

Pulasitala tinasakaniza muyezo umodzi wa laimu pa itatu ya mchenga wosefa wa njere zokhakhala, osathiramo simenti ngakhale fosholo imodzi. Laimu sauma ngati simenti. Amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo akauma msanga amang'ambika n'kunyenyeka. Kutentha kwa mwezi uno kunatipweteka pa khoma la kumadzulo, limene linang'ambika lonse pofika madzulo a tsiku lomwe linapakidwa. Tinaligwetsa n'kuyambanso, ulendo uno tikunyowetsa njerwa usiku wake, kupaka m'mamawa magawo awiri opyapyala osapitirira sentimita imodzi lililonse, ndi kupachika ziguduli zonyowa kutsogolo kwa khoma kwa sabata yathunthu. Mwezi wabwino wa ntchitoyi kuno ndi Meyi kapena Juni, ndipo wofuna kupaka nthawi imeneyo amize laimu wake mu Malichi. Amisiri analandira K340,000, mchenga unali K65,000, ziguduli K15,000, ndipo mwezi wonse pamodzi ndi njanji ija unadya K475,000.

Novembala 2023: Mitengo ikwera

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo inasintha sabata yomweyo. Malata 8 amene anatsala tinawagula pa K21,000 limodzi, ndipo thumba la simenti linafika K19,500. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti khitchini idikire, ndipo maganizo oika magalasi m'mazenera a kutsogolo anasiyidwa. Kusiyako kunandisangalatsa, chifukwa zotsekera zamatabwa ndi zimene zimapatsa nyumbayi nkhope yake, ndipo zinangofunika mahinjesi atsopano. Kugwiritsanso ntchito njerwa, matabwa ndi malata akale ndi kumene kunapulumutsa ntchitoyi pa nthawi imeneyi, popeza zambiri zodula tinali nazo kale pamalopo.

Nsanamira ya kumapeto kwa khonde inali itapendekeka chifukwa madzi a padenga ankagwera patsinde pake. Tinachirikiza denga la khonde, kuiphwasula, kuthira maziko atsopano a konkire ndi matumba 3 a simenti, n'kuimanganso ndi njerwa zake zomwe. Ntchito ya amisiri inali K120,000, ndipo mwezi wonse unadya K346,500.

Januwale 2024: Kauntala, pansi, magetsi ndi kupaka

Kauntala inali ndi penti wa mafuta wosanjikizana mitundu inayi. Kalipentala anakana makina opalira ponena kuti adya thabwa, ndipo anaipala ndi manja mpaka mbawa inaonekera. M'mphepete mwake munatuluka kachitsulo ka mkuwa kotalika yadi imodzi, kokhala ndi zizindikiro za mainchesi 36, kamene kankayezera nsalu. Tinakasiya pomwepo, ndipo thabwalo tinangolipaka mafuta a matabwa osati vanishi, kuti malo amene anakumbika ndi zigongono za ogula akhalebe ooneka. Izi zinali K85,000.

Pansi ndi pa simenti yofiira yosalala. Tinangotseka ming'alu ndi kukonza pamene tinafukula chulu. Zigamba zoyamba zinatuluka zowala kuposa pansi pakale, ndipo mtundu unayandikira titawonjezera pang'ono utoto wakuda mu wofiirawo. Kusiyana kukuonekabe, koma polishi akukuchepetsa. Panapita K60,000. Mawaya onse a magetsi anali ofwifwa ndipo anasinthidwa ndi katswiri wovomerezeka, amene tinamupempha kuti awayendetse m'mapaipi a pamwamba pa khoma m'malo mogoba njerwa. Zimenezi zinadya K420,000.

Popaka makoma tinagwiritsa ntchito laimu wotsala m'migolo, wosungunula kwambiri. Laimu wonyowa amaoneka ngati sanapakidwe n'komwe, ndipo wopaka, poopa kuti tinena kuti akuba ntchito, anamukhuthalitsa m'balaza. Atauma anayamba kusupuka ndi kudetsa zovala. Tinamupala n'kupakanso kanayi mopyapyala, kusiya tsiku pakati, khoma litawazidwa madzi. Penti wa mafuta kapena wa pulasitiki sayenera kufika pa makoma amenewa, chifukwa angachite zomwe simenti ija inachita. Opaka analandira K95,000, ndipo mwezi wonse unakwana K660,000.

Epulo 2024: Pamene tafika

Ndalama zonse zimene zalowa kufika lero ndi K3,321,500. Chipinda chogulitsiramo, cha katundu, balaza ndi zipinda zogona zatha, ndipo mchemwali wanga wayamba kuika katundu m'mashelefu. Mvula ya chaka chino inali yochepa chifukwa cha El Niño, mpaka m'mwezi wa Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala, choncho ngalande ya pansi ndi ya padenga sizinakumane ndi mvula yamphamvu imene ingaziyese mokwanira. Pa chifukwa chimenechi talemba mizere ya pensulo pamene chinyezi chafika pa khoma lililonse, ndi deti lake, kuti tizifananitsa mwezi ndi mwezi. Pa khoma la kumbuyo mzerewo watsika masentimita 30 kuyambira mu Okutobala, ndipo mchere umene ukutulukabe timangoupukuta ndi bulashi youma, osautsuka ndi madzi. Pa mng'alu wakale wa ngodya tamata kagalasi kopyapyala kopingasa, kamene kadzasweka ngati khoma likusunthabe.

Zotsala ndi khitchini, imene tidzamange ndi njerwa za dothi zotsindira ndi makina popeza zake tinagwiritsa ntchito, ndi khoma la dzina la kutsogolo. Pansi pa penti wa khomalo pakuoneka zilembo za mayina awiri osanjikizana, la wamalonda amene anamanga ndi la agogo, ndipo amalume alamula kuti lisapakidwe mpaka tipeze wolemba zikwangwani amene angathe kuvundukula zilembozo osazifafaniza. Laimu wa ntchito imeneyo tamumiza kale m'migolo iwiri kuti adzakhale atakonzeka mu Juni, ndipo ngalande ya padenga izisesedwa mu Okutobala ndi mu Januwale chaka chilichonse.